Kamba wa paulendo: mbiri ya chakudya cha m'njira kumadzulo kwa Lilongwe

Msewu wochoka mumzinda wa Lilongwe kupita ku Mchinji umadutsa pa Njewa, Chitedze, Mpingu, Msundwe ndi Namitete. Misewu ina, yambiri mwa iyo yafumbi, imaphuka kulowera chakumpoto n'kukafika ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma kufupi ndi malire a boma la Dowa. Pamalo onsewa munthu wapaulendo amene ali ndi ndalama m'thumba sagona ndi njala. M'mawa amapeza tiyi ndi mandasi, masana nsima kapena tchipisi, madzulo kanyenya ndi mowa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zinthu sizinali choncho. Kunalibe msewu wa galimoto, ndalama zinali zisanafale, ndipo chakudya chophikaphika sichinali malonda. Wapaulendo ankadalira zinthu ziwiri basi: kamba amene wanyamula kwawo, ndi ulemu wa midzi imene akudutsamo.

Kamba ankakonzedwa ndi amayi dzulo lake la ulendo, ndipo lamulo lake linali limodzi, lakuti chikhale chakudya chosasasa msanga komanso chosalemera. N'chifukwa chake m'thumba la wapaulendo munkapezeka chimanga chokazinga, mtedza wokazinga wothira mchere, mbatata zootcha, chigumu, ndipo mwina kachidutswa ka nyama yowamba ngati pakhomopo panali mlenje. Wopita kutali ankasenzanso ufa ndi chikwatu cha mfutso, kuti kumene akafike madzulo akangopempha moto ndi mphika. Chakumwa chinali thobwa la m'chipanda. Thobwa linkayenera ulendo kuposa china chilichonse chifukwa limapha ludzu ndi njala nthawi imodzi, ndipo kaphikidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero: amaphika phala la ufa wa chimanga, kulisiya kuti lizizireko, kuthiramo chimera cha mawere kapena cha chimanga chomwecho, kuligoneka usiku umodzi, n'kuliwiritsanso m'mawa. Likapitirira masiku awiri kapena atatu limayamba kuwawasa, ndiye wapaulendo ankadziwa kuti chipanda chake chimufikitsa pati.

Zina ankazipeza m'tchire momwemo malinga ndi nyengo. Chakumapeto kwa chilimwe kunali masuku, m'dzinja bowa ndi ngumbi, ndipo m'masika mwini munda sakadamana wodutsa phesi la msale kapena chipwete. Kuthyola chinthu n'kudyera pomwepo inali nkhani yochepa. Kuthyola n'kuika m'thumba kunali kuba.

Dzuwa likapendeka, wapaulendo ankapatukira pamudzi uliwonse umene wafika n'kufunsa kwa a nyakwawa. Ankakhala pansi chapatali, kuomba m'manja, n'kudikira. Asanafunsidwe kumene akuchokera ankapatsidwa madzi, kenako thobwa ngati lilipo. Mafunso ankabwera pambuyo, ndipo loyamba linali la mfunda. Munthu akati ndi Phiri, Banda, Mbewe kapena Mwale, pamudzipo sipankalephera kupezeka wina womutcha mbale, malume kapena msuweni, ndipo kuyambira pamenepo sanalinso munthu wachilendo kotheratu. Nsima inkachokera m'nyumba zingapo, popeza amuna ankadyera pamodzi pabwalo ndipo amayi ndi ana ankadyera kwaokha. Mlendo wolemekezeka ankamuphera nkhuku, ndipo nthawi zambiri ankayamba amuonetsa nkhukuyo ili yamoyo. Wachinyamata ankakagona kumphala. M'mawa ankamupatsa mkute kapena mbatata, n'kumuperekeza mpaka kunja kwa mudzi. Akuluakulu ankati mlendo ndi mame, ndipo kumumana chakudya kunali kudzichotsera ulemu mudzi wonse, chifukwa mbiri ya mudzi woumira inkayenda ndi apaulendo omwewo.

Mwambowu usatichititse kuganiza kuti kuyenda kunali kophweka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 chigwa cha Lilongwe chinali pakati pa Angoni a Mpezeni kumadzulo ndi a Chiwere ku Dowa, ndipo midzi yambiri ya Achewa inadzitchinga ndi malinga. David Livingstone atadutsa m'chigwachi chakumapeto kwa 1866 akulowera ku Luangwa, anapeza anthu ali kale ndi mantha ndi nkhondo za Angoni, ndipo chakudya cha gulu lake ankachipeza posinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda. Apa pakuoneka malire a ulemu uja. Munthu mmodzi kapena awiri ankadyetsedwa ulere, koma gulu lalikulu la amalonda kapena la mzungu linkayenera kugula.

Ulamuliro wa Angerezi unachulukitsa anthu oyenda. Boma la Lilongwe linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo njira yochoka kumeneko kudzera ku Fort Manning, komwe lero ndi ku Mchinji, mpaka ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata, inakhala yofunika kwa azungu. Katundu yense ankayenda pamitu ya amtengatenga. Anthu amenewa sankadalira midzi, chifukwa anali ambiri kwambiri. Ankalandira phoso, lomwe linali ufa, nyemba ndi mchere zoyezedwa, kapena nsalu yoti agulire chakudya m'njira. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ochuluka a Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Kwa anthu a nthawi imeneyo chakudya choyezedwa ndi chitini, choperekedwa ndi kapitawo, chinali chinthu chatsopano ndithu.

Msonkho wa nyumba nawonso unathamangitsa amuna kukafuna ndalama ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Oyamba ankayenda wapansi kwa milungu ingapo kudutsa m'dziko la Apwitikizi chakumadera a Tete, ali m'magulumagulu poopa mikango ndi achifwamba. Kamba wa ulendo wotere anali ufa wa thumba lathunthu, mtedza ndi kamphika, ndipo ufa ukatha ankaima pamudzi kugwira ganyu kuti apeze wina. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa magalimoto otenga anthu ofuna ntchito popanda kulipira, omwe anthu ankawatcha Ulere, ndi misasa yogonapo kumene ankagawa chakudya. Panalinso mabungwe olemba anthu ntchito a Mthandizi ndi Wenela. Amene ankabwerako ankabwera ndi njinga, masutikesi ndi zizolowezi zatsopano, ndipo chimodzi mwa izo chinali kumwa tiyi wothira shuga ndi buledi.

Koma chimene chinabweretsa ndalama pakhomo penipeni kuderali ndi fodya. Mu 1920 A. F. Barron ndi R. W. Wallace anatsegula munda ku Mbabzi, kumadzulo kwa boma la Lilongwe, n'kuyamba kugawira Achewa mbande za fodya wa chikopa kuti azilima m'minda yawo, iwo n'kumagula. M'zaka zochepa alimi a fodya m'chigwachi anafika masauzande ambiri. Mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, ndipo bungweli linalamula kuti fodya azigulitsidwa pamisika yovomerezeka yokha, yomwe inali yowerengeka. Zotsatira zake zinali zakuti mlimi ankasenza fodya wake mtunda wautali, kufika pamsika n'kupeza mzere, mwina kugona pomwepo, kenako n'kuchoka ali ndi mashilingi m'manja. Pamene pasonkhana anthu anjala okhala ndi ndalama, ogulitsa chakudya sachedwa. Amayi a midzi yoyandikana ankabwera ndi mitsuko ya thobwa ndi mowa, madengu a mbatata ndi zitumbuwa. Amwenye anamanga masitolo ogulitsa nsalu, mchere, sopo ndi shuga. Malo ambiri amalonda a kuderali anakula motere, ndipo mpaka lero amachita phokoso miyezi yokolola n'kuzizira m'dzinja.

Mishoni nazo zinayendetsa anthu. Ansembe a White Fathers anakhazikika ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, n'kudzatsegula Nambuma mu 1928. Akhristu a m'midzi yakutali ankayenda tsiku lathunthu kukachita Pasaka kapena Khirisimasi, ndipo okonzekera ubatizo ankakhala pamishoni kwa nthawi atanyamula ufa ndi ndiwo zawo. Mu 1959 masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Chipatala chimabala msika wakewake, chifukwa wodwala aliyense amabwera ndi womudikirira, ndipo wodikirirayo amafuna nkhuni, tomato, usipa ndi mchere tsiku lililonse. Msika wa pa Namitondo umadalira kwambiri anthu otere. Kumeneko kamba wakale akadalipo: mayi wochokera kwa Kabudula kapena ku Mchinji amafika ndi ufa wake, mapoto ake ndi mtolo wa nkhuni, n'kumangogula zochepa zimene zamuthera.

Tiyi ankalimidwa ku Mulanje kuyambira m'zaka za m'ma 1890, koma anatenga nthawi yaitali kuti afike m'kapu ya mlimi wa ku Nsaru, chifukwa tiyi wopanda shuga anthu sankamufuna, ndipo shugayo anali wodula. Zinthu zinasintha shuga atayamba kupangidwa m'dziko momwemuno, ku Nchalo kuyambira 1966 ndi ku Dwangwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Apa m'pamene tiyirumu inafala pamalo aliwonse amalonda. Maonekedwe ake ndi amodzi kulikonse: kachipinda ka njerwa, mabenchi awiri kapena atatu, tebulo loyalidwa pulasitiki, ketulo yaikulu pambaula, ndi wailesi pashelefu. Tiyi amabwera m'kapu yaikulu, wamkaka kapena wopanda mkaka, ndipo shuga amathiridwa mosaumira, popeza wogulayo akufuna mphamvu yopalasira njinga kapena kutsitsa matumba. Sikono imene amamwera tiyiyo inabwera ndi azungu a ku Britain, ndipo eni dziko anaisintha kuti igwirizane ndi matumba awo. Kuno sikono inakula, inalimba, ndipo imaphikidwa mu uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba.

Zaka za pambuyo pa ufulu zinasintha derali mofulumira. Mu 1968 boma, ndi ngongole ya World Bank, linayambitsa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chomwe chinalambula misewu ya m'midzi, kukumba mijigo, kumanga misika ndi kupereka feteleza pangongole. ADMARC inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, ndipo misika yake yogula chimanga, mtedza wa Chalimbana ndi fodya inakhala malo ena osonkhanirapo ngolo ndi anthu. M'zaka zomwezo boma la Dr Kamuzu Banda linalamula Amwenye kuchoka m'madera a kumidzi kupita m'matauni akuluakulu, ndipo masitolo awo ena anasanduka magolosale, malesitilanti ndi mabala a Amalawi, ena anangogwa. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, msewu wa ku Mchinji unakhala njira yodyetsera mzinda, ndipo njanji inafika ku Mchinji mu 1980.

Mtundu wa chakudya cha m'njira umatsata mtundu wa galimoto, ndipo mfundo imeneyi imaoneka bwino pamsewu umenewu. Mabasi akuluakulu, kuyambira a Nyasaland Transport Company, kenako UTM, Stagecoach ndi Shire Bus Lines, ankayenda pa nthawi yoikika ndi kuima pamasiteji odziwika. Munthu ankatha kudikira basi theka la tsiku, ndiye anali ndi mpata wokhala pansi kumwa tiyi kapena kudya nsima. Minibasi itachuluka m'zaka za m'ma 1990, nthawi yomwe malonda a m'misewu anamasukanso pambuyo pa chisankho cha 1994, kuimako kunafupika. Minibasi imaima mphindi ziwiri kapena zitatu, kondakitala akukangana ndi oitanira, ndipo chakudya chiyenera kulowa pawindo. Pa Msundwe kapena pa Mpingu galimoto isanaime bwinobwino, mazenera amadzaza ndi manja onyamula mazira owiritsa ndi kamchere kake, chimanga chootcha, nthochi, nzimbe zoduladula, mtedza wa m'timapepala ndi thobwa la m'mabotolo amene kale munali madzi ogula. Aliyense amaitanidwa ndi dzina lomukweza: bwana, achimwene, mayi, adona. Ndalama imaponyedwa pansi galimoto ikunyamuka, ndipo chenje nthawi zina chimathamangira galimoto.

Chiwaya ndi cha nthawi yomweyi. Ndi lata lokhuthala losulidwa kuti likhale ndi dzenje pakati, lokhazikidwa pa ng'anjo ya njerwa kapena pa mgolo wodula. Mafuta amawira m'dzenjemo, ndipo zimene zapsa zimakankhidwira m'mphepete kuti zikhe mafuta koma zisazizire. Mbatatesi zambiri za tchipisi zimachokera kumapiri a Dedza ndi Ntcheu, zina m'madimba a kuderali. Pambali pamakhala kabichi woduladula wosakaniza ndi tomato, mchere ndi tsabola wa kambuzi. Wogula amadya chiimirire. Amaloza nthuli ya mbuzi kapena ya nkhumba, wachiwaya amaidula, kuiviika m'mafuta otentha n'kuikankhira mbali ya wogulayo, ndipo kuwerengerana kumachitika pomaliza, kenako kukambirana za banyira. Makasitomala odalirika a chiwaya si a m'minibasi ayi, koma anyamata a kabaza, a njinga zamoto, ogula mbewu okhala ndi masikelo m'mbali mwa msewu, ndi amene amapalasa njinga zosenza makala ndi nkhuni kupita mumzinda. Malonda a nkhumba amaima kawirikawiri chifukwa cha chigodola, matenda amene ndi okhazikika m'madera a Mchinji ndi kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo akabuka alangizi a ziweto amaletsa kupha ndi kuyendetsa nkhumba.

Ntchito za malondawa zinagawika potsata amuna ndi akazi. Chiwaya, kanyenya ndi kupha mbuzi ndi za amuna. Thobwa, zitumbuwa, mandasi, zigumu ndi nsima ndi za amayi, ndipo amayi ambiri mpamba wawo amaupeza ku banki m'khonde. Mbewa ndi za anyamata. Amazikumba kapena kuzitchera m'minda chimanga chikakololedwa, kuzichotsa matumbo, kuziwiritsa ndi mchere, kuziumitsa, n'kuzipana pa kamtengo kong'alula kuti azikweze m'mwamba galimoto ikamadutsa. Asilamu ndi a mipingo ina sadya mbewa, ndipo anthu ena a m'tauni amazinyoza, koma kwa Mchewa wa kuderali ndi ndiwo yakalekale imene inalowa pamsewu popanda kusintha kalikonse.

Nsima ndiyo ikadali chakudya chenicheni cha masana. M'lesitilanti ya pa Nsaru kapena pa Namitete wofika amayamba wasamba m'manja ndi madzi othiridwa kuchokera m'jagi, kenako amafunsidwa ndiwo zokha, popeza nsima n'njosachita kufunsa. Pamakhala nkhuku ya lokolo, mbuzi, nyemba, usipa kapena bonya, ndi masamba a mpiru, nkhwani kapena chisoso, otendera kapena a mafuta. Mpunga umapezeka, koma ambiri amauona ngati chakudya cha pa chikondwerero chimene sichikhalitsa m'mimba. Pa tsiku la msika, pamene ogulitsa kaunjika, ziwiya ndi nsomba amasamukira pamalo amodzi, amayi amaphikira panja pansi pa zisakasa, ndipo mtengo umatsika chifukwa cha kupikisana.

Zakumwa zili ndi mbiri yawoyawo. Mowa wa masese unali wa miyambo, wa dima, wa maliro ndi wa zikumbutso, ndipo wodutsa ankaitanidwa kuti alaweko chikho chimodzi popanda kulipira. Ndalama zitabwera, kufulula mowa ndi kutcheza kachasu kunakhala njira yaikulu imene amayi a m'midzi ankapezera msonkho, sopo ndi fizi ya ana, ngakhale kuti boma la atsamunda linkaletsa kachasu. Zakumwa za m'mabotolo zinayamba kupangidwa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo Chibuku chinatenga masese a m'mudzi n'kuwaika m'mapaketi. Botolo la Fanta ndi sikono zinakhala chizindikiro cha munthu amene wagulitsa mbewu. Choipa kwambiri chimene chinafika pamalo amalondawa chinali mowa waukali wa m'masacheti, wotchipa moti ngakhale mwana wasukulu ankaugula, ndipo unawononga achinyamata ambiri boma lisanauletse. Ngakhale pali zonsezi, chakumwa chimene chimagulidwa kwambiri ndi woyenda masana chikadali thobwa, chifukwa ndi chotchipa kuposa zonse ndipo chimakhutitsa.

Vuto lalikulu la chakudya cha m'njira ndi madzi ndi nkhuni. Mabotolo a thobwa amagwiritsidwa ntchito kambirimbiri, ndipo ukhondo wake umadalira mjigo umene uli pafupi. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unali waukulu kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino, akuluakulu a zaumoyo analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misika ndi m'misewu m'madera ambiri, ndipo amayi odalira malondawa anavutika kwambiri. Nkhuni nazo zikusowa. Chigwa cha Lilongwe chinatha mitengo chifukwa cha minda, kuchiza fodya ndi kuotcha njerwa, ndipo makala ambiri amachokera kunkhalango ya Dzalanyama imene ikutha. Ena ophika tsopano amasonkhezera zitsononkho ndi mapesi.

Nyengo imalamulirabe zimene wapaulendo apeze. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti misika imadzaza ndi mtedza, mbatata, nzimbe ndi nyama, chifukwa ndalama za fodya, soya ndi mtedza zili m'manja mwa anthu. Mango amabwera chakumapeto kwa chaka. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa, pamene nkhokwe zatha, ufa wakwera mtengo, zitumbuwa zachepa msinkhu, ndipo malesitilanti ena amatseka mpaka chimanga chachiwisi ndi maungu zitayamba. Pa njala ya 2002, imene inakantha kwambiri chigawo chapakati, anthu oyenda m'misewu imeneyi anali ofunafuna madeya ndi ganyu, ndipo midzi yambiri inalibe choti n'kupatsa mlendo.

Kutali ndi phula, m'njira zopita kwa Kabudula ndi ku Nambuma, mwambo wakale sunatheretu. Munthu wodutsa akapempha madzi pakhomo amapatsidwa, ndipo akapeza eni nyumba akudya amaitanidwa kuti asambe m'manja. Pa ukwati, pa chiliza ndi pa maliro, aliyense wochokera kutali amadyetsedwa osafunsidwa ndalama. Nyumba iliyonse ya pamudzipo imasonkha ufa, amuna amatema nkhuni, amayi amaphika m'miphika ikuluikulu, ndipo a mfumu amaika anthu oonetsetsa kuti alendo ochokera kumidzi ina ayambe kulandira nsima eni mudzi asanadye.